Ananditcha Ng'ombe pa Wailesi

Chinali chaka cha 2019, ndipo ine ndinali ndi zaka 71. Mkazi wanga anali atamwalira chaka chapitacho, mvula itangoyamba kugwa.

Kwathu ndi ku Nyimba. Ku Nyampande ndinapita kukakwatira ndili mnyamata, nditamanga khasu, nkhwangwa ndi bulangete panjinga. Kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Amamanga pamudzi wa apongozi ake, amalima munda umene amuloza, ndipo ana amene abereka amakhala a kuchikazi. Amatchedwa mkamwini. Ngakhale imvi zitamera, akadali mkamwini. Mkazi akamwalira, abale ake amadikira kuti maliro azizire, kenako amaitana anthu n'kumusudzula mwamunayo, ndiko kuti kumumasula. Akatero amamufunsa pamaso pa onse ngati abwerera kwawo kapena akufuna kutsala. Wofuna kutsala amanena ndi pakamwa pake, eni mudzi n'kukambirana iye ali pomwepo akumva.

Funso limenelo linandikhala pakhosi chaka chonse. Pamudzi uja ndinakhalapo zaka zoposa makumi anayi osapempha kanthu, ngakhale mchere. Nyumba ndinamanga ndi njerwa zoumba ndekha. Ng'ombe ndinagula ndi thonje lolima ndekha. Njira ya kudimba kwanga inkadutsa pafupi ndi manda, moti popita kukathirira ndinkadziwa kuti mkazi wanga ali apo, kuseri kwa mitengo. Koma kuti ine ndiime pamaso pa alamu anga n'kunena kuti ndisungeni, ayi. Choncho ndinayamba kuuza aliyense wondifunsa, ndi wosandifunsa yemwe, kuti ndikupita kwathu ku Nyimba ndipo ndachedwa kale.

Mkamwini sayankha apongozi. Koma ali ndi ng'ombe, ndipo ng'ombe imafuna dzina. Ng'ombe yanga yoyamba yolima ndinaitcha Adzatopa. Nthawi imeneyo apongozi anga aakazi ankandituma ngati mwana, lero kukadula nsungwi, mawa kukafolera nkhokwe ya achemwali awo. Sindinawayankhepo. Ndinkangomanga ng'ombe pagoli m'mamawa n'kukalima pafupi ndi munda wawo, ndikufuula dzina lija pamzere uliwonse. Mudzi wonse unkamva. Palibe akanandizenga mlandu, pakuti ndinkaitana ng'ombe yanga. Ina ndinaitcha Ndamva, chaka chimene anthu ankanong'onezana kuti thonje langa ndi lokhwimira. Ina inali Zathaizo, titagwirizana ndi mlamu wanga pamkangano wa malire a dimba. Zinafika poti m'khola mwanga mukabadwa ng'ombe, amayi a pamudzi ankapita kwa mkazi wanga kukafunsa dzina, kuti adziwe mmene mtima wanga ulili. Ine osandifunsa. Ankadziwa kuti sindiyankha.

Maliro atangotha kunabadwa thole, lamphongo, lofiira, la chipumi choyera. Linayamwa, linaleka kuyamwa, tinyanga tinayamba kutuluka, lilibe dzina.

Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, ndiye mwini mbumba pamudzi uja, ndipo ndiye anayenera kudzandisudzula. Ndi munthu wa nthabwala, mano apatsogolo anatha kalekale koma kuseka sanaleke. Ankabwera kudzatsamira pakhola ndikamathira madzi m'chomwera.

"Alamu, thole ili mumaliitana bwanji?"

"Ndimati iwe."

"Nanga likasochela? Mudzayenda m'tchile kufuula kuti iwe, mudzi wonse n'kuyankha?"

"Silisochela."

"Lipatseni dzina, alamu. Azimayi akundivuta."

"Likapatsidwa kumene likupita."

Ankapukusa mutu n'kumapita.

Mwana wanga wotsiriza ndi mphunzitsi, amaphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale ku Nyimba. Kuyambira ali wamng'ono ankakonda kupeka nkhani, mpaka amayi ake ankamulanda cholembera kuti akasinje. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Kuwerenga ndimatha, Baibulo ndi malangizo a pabotolo la mankhwala a thonje, koma za nkhani zopeka sindinkaziikira kumtima.

Lamlungu lina titakolola, ndinakhala pakantemba, kasitolo kakang'ono ka pamphambano pamene amuna amapumulira potuluka kutchalitchi. Mwini kantemba anali atatsegula wailesi. Masana a Lamlungu pamakhala nthawi yowerenga nkhani zazifupi za m'Chinyanja zimene anthu atumiza. Woulutsa anati nkhani ya tsiku limenelo mutu wake ndi Ng'ombe Yomasulidwa. Anatchula wolemba, ndipo linali dzina la mwana wanga. Anatchulanso mudzi wathu.

Amuna onse anatembenuka. "Mwana wanu uyo, bambo!" Mwini kantemba anakweza mawu a wailesi. Ndinakhala tsonga pabenchi. Ndinkadzifunsa kuti mwana ameneyu ng'ombe akuzidziwa bwanji zoti n'kulemba, popeza kukhola ankapitako ndi mphuno yotseka.

Nkhaniyo inali ya telala wokalamba, mkamwini, amene mkazi wake anamwalira. Telalayo ankauza aliyense kuti akubwerera kwawo ndipo akusangalala. Anasoka zovala zonse zimene anthu anasiya kwa iye. Anabweza mpando umene anabwereka kalekale. Anathira mafuta makina ake osokera, anawakulunga m'thumba, anawamanga panjinga. M'mawa anakankha njinga mpaka kumsewu. Basi inabwera, inaima. Kondakitala anatulutsa mutu pakhomo n'kufunsa kuti, "Mudala, mukwela?" Nkhani inathera pomwepo. Nyimbo inayamba kulira.

Ine ndinkadikira ng'ombe. Kuyambira poyamba mpaka basi ija, munalibe ng'ombe, munalibe khola, ngakhale chingwe.

Panali bambo wina womwa kachasu, amene kutchalitchi sapita koma pakantemba sajomba. Anati, "Apa atinamiza. Nanga ng'ombeyo ili kuti?"

"Iwe khala chete," anatero mwini kantemba.

Womwa uja anayang'ana mwini kantemba, anayang'ana anzake amene maso anali pansi, kenako anayang'ana ine. "Ooo," anatero. Anangonena zomwezo basi.

Mlamu wanga analipo. Munthu amene salola ntchentche kudutsa osaiseka, tsiku limenelo sananene kanthu. Anapichira fodya wake, osamuyatsa, anaimirira n'kumapita. Kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa mawu a chidakwa.

Ine ng'ombe ndimazidziwa. Ng'ombe yolima imamasulidwa pagoli kotheratu mano akatha, khosi likachita zipsera, ikayamba kugwada pakati pa mzere. Ikatero imadikira anthu a mabutchala ochokera ku boma. Ndinamva kuti mwana wanga wandiuza pamaso pa dziko lonse kuti ntchito yanga inatha, ndichoke. Ndinamvanso kuti mlamu wanga wavomereza, n'chifukwa chake sanaseke.

Ndinati sindidikira kukankhidwa. Ngolo yanga ndinagulitsa kwa munthu wina wa ku Petauke amene amatuta njerwa. Mbuzi ndinagawira adzukulu amene anakumba manda a mkazi wanga. Kudimba sindinafese kanthu chilimwe chimenecho, ngakhale repu kapena tomato, pakuti munthu safesa pamene sadzakolola. Kenako ndinakwera padenga la khitchini n'kuyamba kuzula misomali. Malatawo ndinagula ndekha, ndinati ndikafolera nawo ku Nyimba.

Mlamu wanga anandipeza ndili pamwamba.

"Alamu, denga lalakwa chiyani?"

"Ndi langa."

"Palibe wakana. Tsikani bwino, mafupa a zaka zanu salumikizika."

Anayang'ana malata amene ndinaunjika patsinde pa mango, anayang'ana khola, n'kumapita. Za thole sanafunse.

Kutentha kutayamba ndinakwera basi ku Petauke kupita ku Nyimba, kukaona pamene ndidzamange. Kumudzi kwathu ndinali nditapitako komaliza pamaliro a mlongo wanga wotsiriza. Amene anandilandira ndi mwana wake, mphwanga, bambo wa ana akuluakulu tsopano. Anandichitira ulemu wonse. Anapha nkhuku, anatulutsa mpando wansalu umene amasungira abusa, ana anagwada patali kudzapereka moni. Pamene panali nyumba ya amayi anga pali nthochi, zowirira, za munthu amene sindimudziwa. Chitsime chimene tinkatungako chinauma. Nditanena chimene ndabwerera, mphwanga uja sanakane.

"Malo alipo, amalume," anatero, akuloza kumtunda, kufupi ndi phiri, pamene pali miyala. "Kuno ndi kwanu."

Ananena zoona, ndi kwathu. Pakudya ndinayesa kuwasimbira za Adzatopa, mmene ndinkafuulira dzinalo pafupi ndi munda wa apongozi. Ku Nyampande nkhani imeneyo ikangoyamba, anthu amakhala ataseka kale. Apa anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, ndipo mkazi wa mphwanga anafunsa ngati andiwonjezere msuzi. Kamtsikana kena kanafunsa amayi ake monong'ona kuti alendowa apita liti.

M'mawa mwake ndinapita kunyumba za aphunzitsi. Linali Loweruka. Mwana wanga ankachapa panja. Anandiona ndili patali, anathamanga kudzalandira chikwama, anagwada kupereka moni. Anabweretsa madzi m'kapu. Ndinawasiya pansi.

"Ndabwela kudzaona ng'ombe," ndinatero.

"Iti, atata?"

"Imene unalonjeza dziko lonse pa wailesi. Ndinamvela mpaka kumapeto. Munali telala, munali makina, munali basi. Ng'ombe sindinaimve. Kapena aphunzitsi a masiku ano ng'ombe saidziwa?"

Anaseka n'kugwira pakamwa. Kasekedwe kameneko ndi ka amayi ake, ndipo kanandikwiyitsa kwambiri.

"Khalani pansi, atata."

"Ndikhala ndikamva. Telala uja ndani?"

"Ndi telala."

"Usandiyankhe ngati mwana wa m'kalasi mwako. Pakantemba onse anayang'ana ine. Ngakhale chidakwa chinazindikila."

"Ndiye kuti ndinalemba bwino."

"Unalemba bwino kutukwana atata ako. Unanditcha ng'ombe yotha ntchito, yodikila mpeni wa butchala."

Kuseka kunatha. Anapukuta manja pachitenje.

"Ndani wanena za butchala?"

"Ng'ombe imamasulidwa liti? Mano akatha."

"Ndiye munamva choncho?" Anakhala pansi pafupi ndi beseni. "N'chifukwa chake akulu anga anandiimbila foni kuti mwasasula khitchini ya amama?"

"Khitchini ndi yanga."

"Atata, mukuikumbuka Zathaizo?"

Ndinaikumbuka. Itakalamba ndinaigulitsa kwa munthu wina wa cha ku Sasare, amene ankafuna ng'ombe yofatsa yoti aziimanga pamodzi ndi zake zazing'ono, zizolowere goli. Anaitenga ndi chingwe. Patapita masiku, m'mawa wina tinaipeza itaima pakhomo pa khola, nthiti zikuoneka, zisoso zili mchira wonse. Mwini wake atabwera kudzaitsata anati anangoimasula kuti ikadye msipu. Ndinamubwezera zake munthuyo. Ng'ombe ija inafera m'khola mwanga.

"Ine ndinali pakhonde ndi amama," anatero mwana wanga. "Inu simunalankhule. Munachotsa mipilingidzo, inalowa, munatseka. Amama anati, atata ako lelo alila, koma akalilila kumunda."

"Amako ankalankhula zambili."

"Ndiyo ng'ombe imene ndinalemba."

"Sunailembe. Mulibemo."

"Ili pamutu." Anakoka beseni n'kuyamba kufinya malaya, maso ali pamalayapo. "Poyamba ndinaitcha Ulendo wa Telala. Koma umenewo ndi mutu wonena zimene aliyense akuona ndi maso. Zili ngati ng'ombe yakuda kuitcha Yakuda. Inu munayamba mwatelo?"

"Ine si waulesi."

"Ndiye. Telala uja pakamwa pake akupita. Manja ake akumanga katundu. Koma pali china chikumukokela mbali inayo, ndipo sangachitchule. Ine sindikanamuika mawu m'kamwa, chifukwa munthu wa mtundu umenewo salankhula. Akanalankhula bwenzi anthu atati nkhaniyi ndi yabodza. Ndiye chimene akubisacho ndinachiika pamwamba, kuti womvela achinyamule kuyambila poyamba mpaka basi itafika."

"Nanga bwanji sunamalize? Anakwela kapena sanakwele?"

"Ndinamufunsa pafoni. Anandiuza za mtengo wa feteleza."

Zinali zoona. Ankaimba kawirikawiri maliro atatha, ndipo akafika pafunso limenelo ndinkasintha nkhani.

"Mwana sawatengela atata ake pa wailesi," ndinatero. "Zapakhomo ndi zapakhomo."

"Inu agogo munkawafuulila pamunda m'mamawa uliwonse, mudzi wonse ukumva."

"Ndinkaitana ng'ombe yanga."

"Inenso ndinatchula nkhani yanga."

Ndinamuyang'ana. Sanagwetse maso. Ndinatola kapu ija n'kumwa madzi, pakuti kunkatentha. Anandiphikira, ndinadya. Zoti walakwa kapena sanalakwe sitinazibwerezenso. Anandiperekeza kumsewu waukulu, anandigulira phava la nthochi kwa amayi ogulitsa pasiteshoni, anandiikira pamiyendo basi itatsala pang'ono kunyamuka. Sindinamutsazike bwino.

M'basi ndinaganiza za mutu uja. Munali ng'ombe ziwiri m'menemo, ya kubutchala ndi yobwerera kukhola. Ine ndinamva ya kubutchala chifukwa ndiyo ndinkaiopa. Ndinadzifunsanso kuti mlamu wanga anamva iti. Koma kudziwa zimenezi sikunasinthe kanthu. Funso linali likadali patsogolo, ndipo pakamwa panga panali pomwepaja. Ndinatsimikiza kuti akandifunsa pamaso pa anthu ndidzati ndikupita, ndipo ndidzapitadi, ndikamange pamiyala paja.

Anandisudzula mu Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana. Tinakhala pansi pa mango pabwalo panga, pafupi ndi mulu wa malata. Panali abale a mkazi wanga, akulu a mpingo, ndi ana anga pamphasa. Mphunzitsi wa ku Nyimba uja anabwera, anakhala kumapeto, mutu uli pansi. Mkulu wa mpingo anapemphera. Mlamu wanga anaimirira, atavala jekete la maliro ndi maukwati. Anati ndinasunga mlongo wake bwino, ndinamudwazika mpaka tsiku lomaliza, ndipo mbumba ilibe nane mlandu. Anati kuyambira tsiku limenelo ndine womasuka, ndikhoza kukwatira, ndikhoza kupita kumene ndifuna.

Mawu anga anali okonzeka palilime.

"Apa mwambo ukuti ndifunse," anatero mlamu wanga. "Koma alamu angawa ndinawadziwa kalekale. Ukawafunsa ngati ali ndi njala amati adya kale, m'mimba mukulila mpaka kumsewu." Anthu anaseka pang'ono. "Ndiye ine funso limenelo ndaliopa. Ine ndikamasula ng'ombe madzulo sindiifunsa kumene igone. Ndimasiya khola lotsegula n'kupita kukasamba."

Panali mkulu wake wa mkazi wanga, mayi wolimba, amene mwana wake wamwamuna ankaliyang'anitsitsa dimba langa kuyambira tsiku la maliro. Anagunda ndodo pansi.

"Mwambo ndi mwambo. Afunsidwe. Akamwini onse ofedwa pano anafunsidwa."

Ananena zoona, ndipo ena anavomereza ndi mitu. Mlamu wanga anakanda m'ndevu.

"Chabwino, achemwali, ndifunsa." Anatembenukira kwa ine. "Alamu, pamaso pa anthu onsewa, yankhani. Thole lija dzina lake ndani?"

Ndinayang'ana kukhola. Thole linali litatulutsa mutu pakati pa mipiringidzo, likunyambita mtengo. Mawu amene ndinakonza aja sankayankha funso limeneli. Ndinawameza.

"Sindinapemphe," ndinatero.

Mlamu wanga anayamba kuseka, mkamwa mopanda mano mwake monse muli poyera, mpaka anagwira mtengo wa mango. Amayi ena analulutira. Mkulu wa mpingo anabisa nkhope m'chipewa.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa mayi wa ndodo uja. "Atsala kapena apita?"

"Achemwali, dzina limenelo akalifuulila ndani ku Nyimba? Kumeneko anakangana ndi yani? Dzinalo ndi lathu. Tidzalimva ife, m'mamawa uliwonse, mpaka makutu atawawa. Konzekani, munda wanu ndiwo uli pafupi."

Mayi uja anayang'ana ine nthawi yaitali. "Munthu uyu anavutitsa amama ndi Adzatopa," anatero. "Tsopano wayamba ife." Anatola ndodo yake. Za dimba sananenepo kanthu, tsiku limenelo kapena pambuyo pake.

Ndinafuna kuimirira kuti ndithokoze monga mwa mwambo. Ndinathokoza ndili chikhalire, ndipo anthu anayesa ukalamba. Chakudya chitabwera ndinadya ngati munthu wochokera kuulendo wautali. Chiyambireni maliro ndinali ndisanamve kukoma kwa ndiwo.

Anthu atabalalika mlamu wanga anavula jekete n'kukhala pamulu wa malata.

"Malata awa mawa abwelele pamwamba. Mvula sidikila anthu amwano."

"Tsiku lija pakantemba munangochoka," ndinatero. "Simunaseke."

"Ndinapita kukaganiza. Mutu wanga si wa aphunzitsi, umachedwa. Ndinati telala wamveka, nanga ng'ombe yalowa bwanji? Ndiye ndikutsekela zanga madzulo ndinakumbuka yanu ija inathawa ku Sasale. Ndinati ohoo. Munthu uyu tikamufunsa, atitayika."

"Bwanji simunandiuze? Ndinagulitsa ngolo."

"Ndikanakuuzani mukanamva? Mukanasasula ndi nyumba yomwe kuti mundionetse."



Mwana wanga anabwera kudzatsazika madzulo, pakuti Lolemba ankaphunzitsa. Anagwada. Ndinamuuza kuti mutu wa nkhani yake unali wa ng'ombe yolakwika msinkhu, chifukwa Zathaizo pobwerera inali isanathe mano onse. Anati wamva. Ndinamupatsa nkhuku. Mpaka lero ndimati mwana sayenera kutcha atate ake ng'ombe pa wailesi, ndipo iye amadziwa kuti ndimatero.

Masana a Lamlungu tsopano ndimamvera nkhani zija, panyumba, osati pakantemba. Woulutsa akangotchula mutu ndimayamba kuuyesa. Ina imati Mkazi Wansanje, ndipo mkatimo mumakhaladi mkazi wansanje. Imeneyo ndi Yakuda, ndimatseka wailesi kusunga mabatire. Koma ikatchula chinthu chimene m'nkhanimo mulibe, mphika wosweka kapena mlatho, ndimatchera khutu. Ndimayang'ana amene akulankhula kwambiri kuti ali bwino. Kawirikawiri mutuwo umakhala wake.

Thole lija linakula, ndinalifula, ndipo limakoka goli mbali ya kumanja. Mvula ikagwa ndimayambira mzere wa kumalire ndi mayi wa ndodo uja. Mawu anga anachepa mphamvu, koma amafika.

Zimene zinatayika ndi izi. Ngolo imodzi, ya matayala abwino. Munthu wa njerwa anakana kundibwezera, ndipo sindinamufunse kawiri. Mbuzi zisanu, ziwiri zili ndi bere. Malata atatu mwa amene ndinasasula, anang'ambika pamabowo a misomali, moti khitchini imadontha pakona mpaka lero. Repu, tomato ndi anyezi wa chilimwe chimodzi. Ndi benchi langa la pakantemba, pakuti chidakwa chija chikadali moyo, ndipo chikandiona chimati ooo.